Momwe mungalembere mgwirizano wogawana katundu ukwati ukamatha mu Lusaka

Mabanja ambiri mu Lusaka akamatha, nkhani ya katundu ndi ana imakambidwa kunyumba, pamaso pa ankhoswe, amalume ndi azakhali. Bambo amalonjeza kuti nyumba ikhala ya ana ndipo ndalama za sukulu azilipira, akuluakulu n'kuwomba m'manja, aliyense n'kubwerera kwawo. Chaka chisanathe mumva kuti nyumba ija yagulitsidwa, ndipo mayi akamafunsa amayankhidwa kuti aonetse pamene zinalembedwa. Kukambirana pa chibale ndi kwabwino, ndipo ine ndimakulimbikitsa chifukwa kumachepetsa udani ndi ndalama zowonongera milandu. Koma zimene mwagwirizanazo zimakutetezani mokwanira pokhapokha zitalembedwa momveka, khoti n'kuzilandira kukhala chigamulo chake.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa ukwati wanu

Mu Zambia muli maukwati a mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi khoti lake. Ngati munakwatirana pansi pa Marriage Act, kaya ku Civic Centre kapena kutchalitchi chovomerezeka ndi boma, ukwati wanu umathetsedwa ndi High Court motsatira Matrimonial Causes Act ya 2007. Ngati munakwatirana mwa mwambo, malowolo n'kuperekedwa, nkhani yanu imayambira ku Local Court, monga ya Boma, Matero, Kanyama kapena Chelstone. Onetsetsani setifiketi yanu bwinobwino. Ena anangodalitsidwa ndi abusa pambuyo pa mwambo, ukwatiwo osalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo amadabwa akauzidwa kuti mlandu wao si wa ku High Court.

Ku High Court simungapemphe chisudzulo chaka chimodzi chisanathe chikwatiranireni. Muyeneranso kuonetsa kuti ukwati wafika posakonzeka, ndipo lamulo limatchula zifukwa zake: chigololo, khalidwe loti munthu sangapirire kukhala nalo, kuthawidwa kwa zaka 2, kukhala padera zaka 2 mnzanuyo atavomera chisudzulo, kapena zaka 5 ngakhale asavomere. Kugwirizana za katundu pakokha sikuthetsa ukwati.

Lembani zonse zimene muli nazo, ndi mapepala ake

Musanakhale pansi ndi mnzanuyo, tengani kope mulembe chilichonse: nyumba, mapoloti, galimoto, shopu, ziweto za kumudzi, ndalama za kubanki, katundu wa m'nyumba. Pa chinthu chilichonse lembani chaka chimene chinagulidwa, dzina lomwe lili pa pepala, ndi kumene ndalama zinachokera. Kenaka funani mapepalawo: title deed ya ku Ministry of Lands, occupancy licence ya ku Lusaka City Council ngati nyumba ili m'komboni, white book ya galimoto, mapepala a PACRA (ofesi yolembetsa makampani) ngati pali kampani, mapeyisilipi ndi masitetimenti a kubanki. Ajambuleni ndi foni, makope ena mukasunge kwa m'bale wodalirika, pakuti mapepala amasowa msanga m'nyumba momwe anthu sakulankhulana.

Ngongole nazonso zilembedwe, ya kubanki, ya kaloba, ya chilimba, ngakhale ndalama zimene munabwereka kwa apongozi pomanga. Anthu amakangana masiku ambiri za firiji ndi masofa, n'kuiwala kuti nyumba inaperekedwa chikole kubanki.

Apa pali chinthu chimene amayi ambiri sauzidwa. Dzina lolembedwa pa title deed silokhalo limene khoti limayang'ana. Pa mlandu wa Chibwe v Chibwe, womwe unayambira ku Local Court ku Mufulira pa ukwati wa mwambo wa Chiushi, Supreme Court m'chaka cha 2000 inaonetsa kuti khoti liyenera kuganizira zimene aliyense anathandiza m'banja, kaya ndi ndalama kapena ndi ntchito za manja ake, ndipo mayiyo anapatsidwa gawo la chuma. Choncho ngati munalera ana, munayang'anira omanga, munagulitsa pamsika kuti pakhomo pasasowe ndiwo pamene malipiro a bambo ankapita ku simenti, zilembeni zimenezo. Izi sizitanthauza kuti chilichonse chidzagawidwa pakati ndi pakati. Khoti limaona nkhani iliyonse payokha, kutalika kwa ukwati, zosowa za aliyense ndi za ana.

Mukaona zizindikiro zoti mnzanuyo akufuna kugulitsa malo mwachinsinsi, funsani loya msanga za kuika caveat (chiletso cholembedwa pa malowo) ku Lands and Deeds Registry, kuti malowo asasinthidwe dzina inu osadziwa.

Pezani wa zamalamulo wanuwanu musanasayine

Loya wa mwamuna wanu kapena wa mkazi wanu si loya wanu, ngakhale akulankhuleni mokoma bwanji. Ntchito yake ndi kuteteza amene wamutuma. Ngati ndalama zilipo, pezani loya ndipo mutsimikize ku Law Association of Zambia kuti ali ndi chilolezo chogwirira ntchito. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osakwanitsa kulipira loya, kapena ku National Legal Aid Clinic for Women, imene imathandiza amayi ndi ana. Bungwe la Women and Law in Southern Africa (WLSA) nalonso limalangiza pa nkhani za m'banja. Nyamulani NRC, setifiketi ya ukwati, mapepala obadwira a ana ndi kope lanu lija.

Ku Local Court maloya saimirira munthu, mumadzilankhulira nokha. Ichi ndi chifukwa chachikulu chofunira uphungu tsiku la mlandu lisanafike, kuti mukalowe mukudziwa zimene mukupempha ndi zimene simungavomere.

Ngati m'banjamo muli nkhanza, musakakamizike kukambirana muli awiriwiri. Kanenani ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo dziwani kuti Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011 imalola khoti kupereka lamulo lokutetezani. Pepala losayinidwa chifukwa cha mantha likhoza kutsutsidwa pambuyo pake, koma ndi ntchito yaitali ndi yowawa. Kuli bwino kusasayina.

Lembani mgwirizano wosasiya malo okanganirana

Apa ndi pamene mapangano ambiri amafera. Mawu akuti "bambo azithandiza ana" sathandiza mwana aliyense, chifukwa thumba limodzi la ufa pa Khirisimasi nalonso ndi thandizo. Lembani kuchuluka kwa ndalama, tsiku la mwezi lolipirira, ndi njira yake, kubanki kapena pa Airtel Money kapena MTN MoMo, kuti pakhale umboni. Lembani amene azilipira sukulu, yunifolomu, kuchipatala, ndiponso kuti ndalamazo zidzaunikidwanso liti, pakuti mtengo wa zinthu suima pamodzi. Nenani kumene ana azikhala, masiku oonana ndi kholo linalo, za maholide, ndi amene azisunga mapasipoti ao. Children's Code Act ya 2022 imaika ubwino wa mwana patsogolo pa zonse, choncho khoti likhoza kukana zimene makolo agwirizana ngati zikupondereza mwana. Musavomere kusinthanitsa ufulu wa mwana wosamalidwa ndi katundu, ndipo kholo lisaletsedwe kuona mwana wake ngati njira yolangira.

Pa nyumba, tchulani nambala ya poloti ndi dera monga zalembedwera pa mapepala. Ngati mmodzi akutsala nayo, nenani kuti winayo alandira zingati ndipo pofika liti. Ngati igulitsidwa, nenani amene adzayese mtengo wake, amene adzafune wogula, amene azikhalamo ndi kulipira madzi, magetsi ndi msonkho wa kukhonsolo mpaka itagulitsidwa, ndi momwe ndalamazo zidzagawidwire ngongole ikachotsedwa. Mawu oti "nyumba ndi ya ana" amamveka bwino pamsonkhano wa banja, koma dzina la kholo limodzi likatsala pa title deed, kholo limenelo likhoza kuigulitsa kapena kuikongolera ndalama. Funsani loya njira yoisungira m'dzina la ana ngati ali aang'ono, ndipo mulembe amene ali ndi ufulu wokhalamo.

Za chisamaliro cha mkazi kapena mwamuna wosiyidwa, lembaninso kuchuluka ndi nthawi yake. Ku Local Court chisamaliro chotere sichipitirira zaka 3, ndipo chimatha msanga munthuyo akakwatiwa kapena kukwatiranso. Ngati nkhani ya malowolo yabuka, ilembedwe payokha motsatira mwambo womwe munakwatirana nao, isasakanizidwe ndi ndalama za ana.

Onjezani mfundo yoti aliyense waulula chuma chake chonse, ndi chimene chidzachitike pakapezeka chobisika. Pepalalo likakhala m'Chingerezi, pemphani kuti akumasulireni m'chinenero chanu ndime ndi ndime. Sayinani tsamba lililonse pamaso pa mboni, aliyense atenge kope lake.

Pitani nao kukhoti

Ku High Court, nkhani za mabanja zimamvedwa ndi gawo la Family and Children's Division. Loya wanu adzalemba mgwirizanowo ngati consent order (chigamulo chimene nonse mwavomereza), nonse mudzasayina, ndipo khoti likauvomereza umasanduka lamulo. Ngati mwagwirizana zina koma zina zakanika, perekani zimene mwagwirizanazo, zotsalazo khoti lidzagamula, kapena lidzakutumizani kwa mkhalapakati. Chisudzulo chimabwera pawiri, poyamba decree nisi (chigamulo chongoyembekezera), kenaka decree absolute (chomaliza, chimene chimathetsa ukwati) pakapita masabata 6. Musakwatire kapena kukwatiwanso musanalandire yachiwiriyo.

Ku Local Court, perekani pepala lanu kwa oweruza ndi kupempha kuti mfundo zonse zilowe m'chigamulo, osati mawu okha oti ukwati watha. Musachoke osadziwa tsiku lodzatenga setifiketi ya chisudzulo ndi kope la chigamulo. Ngati simunakhutire, muli ndi masiku 30 ochita apilo ku Subordinate Court, ndipo kumeneko loya akhoza kukuimirirani.

Sinthani maina pa mapepala

Chigamulo cha khoti sichisintha chokha dzina pa title deed. Muyenera kupita nacho ku Ministry of Lands kapena kukhonsolo, galimoto ku RTSA (ofesi yolembetsa magalimoto), magawo a kampani ku PACRA, ndipo funsani ku ZRA, bungwe la misonkho, za msonkho wosinthira umwini musanagwirizane amene adzaulipire. Tsekani akaunti imene munali nayo awiri, unikaninso maina a odzalandira ndalama zanu za penshoni ku NAPSA ndi za inshuwalansi, ndipo ngati munalemba wilo, lembani ina.

Mnzanuyo akasiya kulipira, musadikire kuti miyezi iwunjikane, ndipo musakatenge katundu mwa mphamvu. Bwererani kukhoti lomwe linagamula, mutanyamula kope la chigamulo ndi umboni wa malipiro onse amene analowa ndi amene sanalowe. Khoti likhoza kumuitana kuti afotokoze, ndipo kwa munthu wolembedwa ntchito likhoza kulamula kuti ndalama za ana zizidulidwa pa malipiro ake. Chimodzimodzi amene ntchito yamuthera asangosiya kulipira mwakachetechete, apite kukhoti akapemphe kuti ndalamazo ziunikidwenso.