Kutchera makina oyeza kayendedwe ka maso musanayeze munthu

Mwafunsa za eye tracker (makina oyeza kayendedwe ka maso) yomwe imamata pansi pa sikirini, mmene mungaitchere kuno ku Lilongwe.

Zofunika: kompyuta yokhala ndi pulogalamu yake, mpando wopanda mawilo, kansalu kofewa, ndi batire yodzaza kapena UPS (kachipangizo kosunga magetsi), poti magetsi akathima pakati pa ntchito mumayambiranso pachiyambi.

1. Funsani munthuyo ngati ali ndi khunyu lomwe limayamba chifukwa cha kuphethira kwa kuwala. Akavomera, ayambe waonana ndi dokotala.

2. Tsekani makatani. Makinawa amaunika diso ndi infrared, kuwala kosaoneka, ndipo kamera imatsata mwana wa diso ndi kadontho konyezimira pamwamba pa diso. Dzuwa nalo lili ndi infrared wambiri, ndiye la mu Okutobala likalowa pawindo, kamera imasokonezeka.

3. Pukutani fumbi pa makina ndi pa magalasi a munthuyo. Fumbi lathuli silichedwa kubwerera.

4. Akhale pafupifupi masentimita 60 kuchoka pa sikirini, maso onse awiri azioneka pa pulogalamu.

5. Chitani calibration, kuphunzitsa makina kudziwa pomwe munthuyo akuyang'ana: atsate kadontho pamalo 5 kapena 9, ndi maso okha, mutu uli phee.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Munthu amathamangira kuyang'ana komwe akuganiza kuti kadontho kapita kasanafike, makina n'kusunga zolakwika. Muuzeni adikire kaime kaye. Akasuntha mpando, bwerezani calibration yonse.

6. Maso akayamba kuwawa kapena kutuluka misozi, imitsani, apume.