Kuika F-Droid pa foni ya Android

Mwafunsa komwe mungapeze mapulogalamu osazonda zochita zanu. F-Droid, pulogalamu yotsitsira mapulogalamu ena ngati Play Store, ili ndi aulere, omwe code yake aliyense atha kuiunika. Mufunika bandulo ya Movitel kapena Vodacom.

1. Tsegulani f-droid.org, tsitsani F-Droid.apk (APK ndi fayilo yoikira pulogalamu pa Android). Musalandire ya pa WhatsApp kapena Bluetooth, ngakhale kwa wokonza mafoni pamsika wa Ulónguè. Simudziwa chomwe aikamo.
2. Foni ikakana, lolani browser kuika mapulogalamu ochokera kunja kwa Play Store.
3. Mukaika, bwererani ku Settings mukachotse chilolezocho. Mukachisiya, APK yachinyengo itha kulowera pomwepo.
4. Tsegulani F-Droid, dikirani mndandanda udzaze. Netiweki ikafooka zimachedwa.
5. Yambani ndi Organic Maps. Tsitsani mapu a Mozambique, muziyenda nawo mpaka Tsangano popanda intaneti.