Mphepo ya Juni ndi Julaye: tchingani thupi, ndipo musayeze kuzizidwa kwa mwana ndi khungu lanu

Lilongwe ali pamalo okwera, mamita oposa 1,000 kuchokera panyanja yamchere, n'chifukwa chake m'bandakucha wa Juni ndi Julaye umaluma. Kutentha kumatsika mpaka madigiri 10, masiku ena kuchepera apo, makamaka m'madambo monga a Lingadzi ndi Diamphwe kumene mpweya wozizira umatsikira usiku n'kukhazikika. Koma nambala imene a zanyengo amalengeza pawailesi ndi ya mpweya wokha. Siikuuzani zimene akumva wa kabaza amene akuthamanga pamsewu wa M1 kusanache, kapena mayi amene wakhala pamwamba pa matumba a kabichi m'lole yochokera ku Mitundu.

Thupi la munthu limayesetsa kusunga kutentha kwa madigiri 37 m'kati. Khungu limafunditsa kampweya kochepa kamene kalikuta, ndipo kunja kukakhala bata kampweyako kamakhala pomwepo n'kumatiteteza. Mphepo ikawomba imakachotsa, thupi n'kufunditsa kena, nako n'kuchotsedwa, mpaka mphamvu zambiri zathera pamenepo. Ndi zomwe timachita pouzira phala lamoto kuti mwana adye msanga. Akatswiri awiri a sayansi a ku America, Paul Siple ndi Charles Passel, anayeza zimenezi ku Antarctica, dera lozizira kwambiri la kummwera kwa dziko lapansi, poona mmene madzi ankaundanira msanga kukhala ayezi pamphepo, ndipo anafalitsa zomwe anapeza mu 1945. Kawerengedwe kamene a zanyengo a ku America ndi Canada akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2001 kamasonyeza kuti kunja kukakhala madigiri 10, mphepo yothamanga makilomita 20 pa ola imamveka pankhope ngati madigiri 7, ndipo ya makilomita 60 pa ola imamveka ngati 5. Wa njinga yamoto amadzipangira yekha mphepo imeneyi ngakhale masamba a mitengo asakugwedera, ndipo tsiku la mwera amalandira ziwiri zonse.

Choopsa kuposa mphepo yokha ndi mphepo yopeza munthu atanyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20, ndipo akamauma pamphepo amachotsanso kwina. Alimi a m'madimba, apa ndikunena inu. Mumalawirira kukathirira tomato ndi mpiru, mame afika m'maondo, keni ikudonthera pamwendo, thukuta lanyowetsa msana. Pamene mukugwira ntchito simumva kanthu chifukwa minofu ikutulutsa moto. Vuto limayamba mukaima, kapena mukakwera njinga kubwerera kunyumba ndi malaya onyowawo. Tengani malaya ena ouma m'jumbo, musinthe mukangomaliza. Ngati n'kotheka dikirani dzuwa lituluke kaye musanalowe m'madzi.

Pa kavalidwe, ambiri timalakwitsa pofuna juzi imodzi yonenepa. Juzi yoluka ili ndi timabowo ndipo mphepo imangodutsa. Zovala ziwiri kapena zitatu zopepuka zimasunga mpweya wofunda pakati pake, ndipo pamwamba pa zonse pakhale chinthu chosalowa mphepo: jekete ya nayiloni kapena renikoti, zomwe pa kaunjika wa ku Tsoka sizisowa. Tsekani khosi ndi manja a jekete, poti m'menemo ndi momwe mphepo imalowera. Mutu, makutu ndi zala zisakhale pamtunda. Kwa a kabaza magulovu si zokongoletsa. Zala zikachita dzanzi zimachedwa kugwira buleki, ndipo kumbuyoko mwanyamula munthu. Alonda, musakhale pasimenti kapena pampando wachitsulo popanda choyala. Katoni kapena thumba zimathandiza, ndipo sankhani mbali ya khoma imene sikuwomba mphepo, yomwe miyezi ino imachokera kwambiri kummwera chakummawa. Kumbali yomweyo n'komwe muyenera kulimbitsa mpanda wa udzu pakhomo ndi kumata ming'alu ya mazenera.

Tsopano nkhani imene ndimaifunitsitsa kuti imveke. Anthu sitimva kuzizira mofanana, ndipo kusiyanaku si ulesi kapena kudzikonda. Munthu wa minofu yambiri amatulutsa kutentha kochuluka, ndipo wa mafuta pansi pa khungu amakusunga nthawi yaitali. Amayi ambiri amazizidwa zala ndi mapazi msanga kuposa abambo. Wogona ndi njala amazizidwa kwambiri popeza chakudya ndicho chimasanduka kutentha, n'chifukwa chake phala, mbatata kapena tiyi m'mawa n'zofunika mwana asanapite kusukulu. Kuzolowera nako kulipo: wobadwira ku Dedza angayende ndi malaya okha tsiku limene mlendo wochokera ku Nsanje akunjenjemera. Koma kuzolowera kumangochepetsa kumva kuwawa, sikuletsa thupi kutaya kutentha. Ndipo munthu amene amangodandaula kuzizidwa ngakhale masana dzuwa lili phwee, pamodzi ndi kufooka, apite akayezetse, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimachita zimenezi. Kunjenjemera kobwera ndi kutentha thupi musakunamizire Juni. Kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Khanda ndilo lili pachiopsezo chachikulu. Thupi lake ndi laling'ono, mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupilo, ndipo silitha kunjenjemera mokwanira kuti lidzifunditse. Kutentha kwake kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Mayi angamve kuti kunja kuli bwino pamene mwana kumsana wazizira kale, makamaka pa kabaza pamene timiyendo tatuluka m'chitenje. Gwirani mapazi ndi pamimba pake ndi kuseri kwa dzanja lanu. Mapazi okha akazizira, muwonjezereni chofunda, chipewa ndi sokosi. Pamimba pakazizira naponso, kapena akamakana kuyamwa ndi kulira mofooka, muikeni pachifuwa panu khungu ndi khungu, mufunde nonse awiri, mupite kuchipatala. Njira ya kangaru imene amaphunzitsa kuzipatala za Bwaila ndi Kamuzu Central kwa ana obadwa masiku asanakwane ndi yomweyi, ndipo bambo kapena agogo angathenso kuichita. Musamusambitse khanda m'mamawa panja. Dikirani masana, m'nyumba, mumupukute msanga. Thewera lonyowa lisagone pathupi. Ana onyentchera asamalidwe chimodzimodzi ngakhale ali okulirapo.

Agogo nawo khungu lawo silimva msanga kuti kwazizira, ndipo thupi limachedwa kuyankha. Angakuuzeni kuti ali bwino pamene manja ali zii. Musadikire kuti apemphe bulangete. Ngati amagona okha m'kanyumba kawo, pitani mukawaone madzulo ndi m'mawa, muone ngati pansi pa mphasa pali choyala, muwapatse chakumwa chofunda.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amathawirako zomwe zimapha. Choyamba ndi mowa. Kachasu amatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja, munthu n'kumamva ngati wafundidwa pamene m'kati kutentha kukutha. Woledzera akagona m'ngalande usiku wa Julaye angathe osadzukanso, choncho mukamupeza musamudutse. Chachiwiri ndi mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzuka. Otherani moto pamalo opita mphepo, ndipo pogona mbaula ituluke panja. Ana okwawa ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pamoto, pakuti miyezi ino ndi imene ambiri amapsa.

Ziweto zazing'ono zimavutika mofanana. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo mukawaona aunjikana pamodzi akulira, dziwani kuti azizidwa. Tchingani khola la anapiye, la ana a nkhumba ndi la ana a mbuzi ndi masaka kumbali ya mphepo, koma siyani mpata pamwamba kuti mpweya uzisintha, ndipo pansi pakhale pouma.

Munthu wamkulu akazizidwa mpaka kutentha kwa m'thupi kutsika pansi pa madigiri 35, amayamba kulankhula mosamveka, kudzandira, kusokonezeka ndi kuodzera. Akasiya kunjenjemera koma thupi likadali lozizira, zafika poipa, si kuti wapeza bwino. Muchotseni pamphepo, mumuvule zonyowa, mumufunditse pachifuwa, khosi ndi mutu poyamba. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuyandikize pamoto waukulu, musamupatse mowa. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni tiyi wofunda wa shuga. Ngati sakuyankha bwino musamumwetse kanthu. Mugonekeni chammbali atafunda, mumunyamule mosamala kupita naye kuchipatala chimene chili pafupi, ndipo paulendowo mumutchinge kumphepo.