Kukonzekera mayeso a laisensi ya unamwino ndi uzamba

Mwafunsa za mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi (Khonsolo ya anamwino ndi azamba). Musanayambe, khalani ndi silabasi, mapepala a mayeso akale, buku la malangizo a kachizidwe ka matenda la Malawi Standard Treatment Guidelines ndi wotchi.

1. Tsimikizani ku koleji kuti dzina lanu lapita ku Khonsolo ndipo lalembedwa monga lilili pa chiphaso.

2. Gawani silabasi pa masabata otsala. Yambani ndi mutu umene mumauzemba.

3. Tsiku lililonse werengerani mankhwala ndi dripi pamanja. Dripi ya 1000 ml pa maola 8 (mphindi 480), seti ya madontho 20 pa ml: 1000 × 20 ÷ 480, madontho 42 pa mphindi.

4. Lembani pepala lakale mutatseka buku, wotchi ikuyenda. Ambiri amagwera apa: amaloweza mayankho, funso likangotembenuzidwa pang'ono basi asokonezeka. Pa yankho lililonse dziwani chifukwa chake. Mwachitsanzo, mayi amabayidwa mankhwala a Oxytocin 10 IU mwana akangobadwa kuti chiberekero chilimbe, mayi asataye magazi ambiri.

5. Yesererani ndi mnzanu kudzaza partograph (tchati chotsatira mmene kubereka kukuyendera) ndi kuthandiza khanda kupuma, mukunena mokweza chimene mukuchita. Kusamba m'manja musakudumphe.