Momwe mungapezere malo abwino odyera mu Chipata mukuyenda wapansi

Tsiku loyamba kufika mu Chipata kuchokera kwathu ku Mchinji, ndinatsika takisi ya ku Mwami njala itandipweteka kale. Ndinafunsa abambo ena ovala bwino komwe ndingadye, ndipo anandilozera kumashopu akuluakulu a mumsewu waukulu. Ndinadya tchipisi ndi nkhuku yokazinga, yofanana ndendende ndi ya ku Lilongwe. Abambowo sanalakwe, anandipatsa ulemu woyenera mlendo. Koma nsima yeniyeni ya mu Chipata ndinaidziwa pa ulendo wachitatu, nditasochera kuseri kwa msika wa Kapata. Inu musachite kudikira maulendo atatu.

Choyamba, konzani m'thumba. Kwacha ya ku Zambia si ya kwathu, ndipo chiyambire 2013 pomwe anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo, mitengo imamveka yaing'ono m'khutu la Mmalawi. Musanyengeke nazo. Sinthani ndalama pamalo ovomerezeka, ndipo pemphani kuti akupatseniko zing'onozing'ono, chifukwa amayi ophika nsima sasunga chenje chambiri. Mpamba kuno sugwira ntchito. Anthu amalipirana pa MTN, Airtel kapena Zamtel, zomwe zimafuna simu ya konkuno. Valani nsapato zoti muyende nazo, ndipo ngati ndi mwezi wa Okutobala tengani madzi akumwa.

Chachiwiri ndi nthawi. Yambani kuyenda cha m'ma 11 koloko, pomwe miphika ili pamoto ndipo fungo likukuuzani lokha khomo lomwe kukuphikidwa nkhuku. Mukhale mutadya isanakwane 2 koloko. Mukachedwa mupeza ndiwo zabwino zatha, nsima yatsala yapansi pa mphika. Dziwaninso kuti anzathu kuno amawerenga maola mpaka 24, choncho akakuuzani kuti nsima ipsa "13 hours", akunena 1 koloko masana.

Chachitatu, chokani mumsewu waukulu. Great East Road, msewu wochokera ku Lusaka, ukalowa m'tauni umatchedwa Umodzi Highway, ndipo ndiwo msana wa Chipata. Uikeni m'mutu kuti mukasochera muzibwerera kumeneko, komanso yang'anani mapiri ozungulira tauni, monga la Kanjala, kuti mudziwe komwe mwaloza. Mukatero lowani m'timisewu. Pitani ku Down Shops komwe kuli mashopu akale a amwenye ndi mzikiti, mudutse ku Saturday Market, mukafike ku Kapata komwe kuli msika ndi siteshoni ya mabasi. Chipata, yomwe kale inkatchedwa Fort Jameson, inapatsidwa ulemu wa mzinda mu 2017, koma pakati pake ndi poyendeka ndi mapazi. Mukakwera galimoto mudutsa zitseko zonse zomwe mukufunazo, chifukwa zambiri zilibe chikwangwani. Chizindikiro chake ndi kansalu kotchinga pakhomo, utsi wa mbaula, ndi ndowa ya madzi osamba m'manja panja.

Chachinayi, funsani munthu woyenera, funso loyenera. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Mukati "malo abwino odyera ali kuti", akutumizani komwe akuganiza kuti mlendo angakonde. Pitani kwa anyamata a njinga zonyamula anthu, zomwe kwathu timati kabaza. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, ndipo njinga za Eagle zija zinkalumikizidwa konkuno ku Luangwa Industries. Munthu wopalasa tsiku lonse sadya nsima yosapsa, ndiponso ndalama yake saitaya. Mupatseni moni kaye, masana kuno amati "Mwachoma bwanji?", kenaka mufunse kuti, "Achimwene, inuyo masana ano mukadya kuti?" Mukamva anyamata awiri osiyana akutchula amayi omwewo, mwapeza. Atelala, amakanika ndi amayi ogulitsa salaula nawonso amadziwa, popeza amadya pomwepo tsiku ndi tsiku.

Chachisanu, yang'anani musanakhale pansi. Imani pakhomo, nenani odi, maso ayende. Madzi osamba m'manja akhale othira kuchokera m'jagi kapena m'ndowa ya mpopi, ndi sopo pambali, osati beseni limodzi losambamo aliyense. Miphika ikhale yovundikira, mbale zikhale pathandala osati pansi. Nsima izituluka nthunzi. Izi sindikunena mwachibwana: kolera inavuta kwambiri ku Malawi mu 2022 ndi 2023, ndipo kuno ku Zambia inachedwetsa kutsegulira sukulu kumayambiriro kwa 2024. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye muzisamala koposa. Onaninso amene akudya. Pakakhala anthu a ntchito zosiyanasiyana, ena akudikira mpando, ndiye kuti chakudya sichigona m'mphika. Zikapanda kukusangalatsani, thokozani mupitirire. Palibe amene angakukwiyireni.

Chachisanu ndi chimodzi, pemphani kuona ndiwo. Nenani kuti, "Amayi, lero mwaphika ndiwo zanji? Ndingaoneko?" Avundukula miphika umodziumodzi, ndipo apa mpomwe mlendo wochokera ku Malawi amasokonezeka, chifukwa chilankhulo n'chimodzi koma mayina a ndiwo amasiyana. Nkhwani kuno ambiri amati chibwabwa. Kholowa ndi kalembula. Therere mulimva akuti delele. Masamba otendera nsinjiro ena amawatcha fisashi, mawu ochokera ku Chibemba, ndipo kuchigawo chino cha kum'mawa, komwe mtedza umalimidwa kwambiri, satendera mokakamira. Kapenta ndi tinsomba touma tofanana ndi usipa, tochokera ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika kapena ku Siavonga pa Kariba. Funsani kuti ndi takuti, chifukwa kakomedwe kake n'kosiyana. Palinso impwa, timabiringano ting'onoting'ono towawa pang'ono, ndi chikanda chomwe kwathu timati chinaka. Mukafunsa zitumbuwa akupatsani vitumbuwa, zomwe n'zofanana ndi mandasi, osati za nthochi zija.

Ine ndikulangizani kuti tsiku loyamba musiye nyama ya ng'ombe, yomwe mungaipeze kulikonse. Tengani nkhuku yakumudzi ndi masamba a mitundu iwiri. Dzanja la wophika limadziwika pa masamba. Ngati chibwabwa chatenderedwa bwino, nsinjiro yapsa osanunkha chiwisi, zina zonse pamalopo zikhala bwino.

Chotsiriza, funsani mtengo mbale isanafike, ndipo mumve ngati masamba ali mkati mwa mtengowo kapena ndi apadera. Si kukayikira munthu, n'kupewa kukangana mutakhuta. Mukamaliza lipirani m'manja mwa amayiwo, muwathokoze, ndipo potuluka tembenukani muone chomwe chili pafupi: mtengo wa mango, chigayo, shopu ya simenti. Malo opanda dzina amasowa msanga mukabweranso.

Pomwe ndinasochera paja panali kanyumba ka malata, mabenchi awiri ndi tebulo lokutidwa ndi pulasitiki ya maluwa. Ndinalowa chifukwa ndinaona njinga zisanu zitatsamira khoma. Amayi ake anandithira madzi m'manja okha, nandifunsa ngati ndimadya lumanda. Ndinati sindilidziwa. Anaseka, nanditapira pang'ono m'mbale yaing'ono, masamba owawasa otendera, ndipo nditalawa ndinazindikira kuti ndi limanda lomwe agogo ankaphika kumudzi. Mnyamata yemwe ndinakhala naye benchi limodzi anandisunthira tsabola osanena kanthu. Nditatha mitanda iwiri amayiwo anawonjezera wachitatu, nati, "Mwachokera kutali, idyani." Ndinawauza kuti kwathu n'kuseri kwa Mwami pompa. Anati, "Ndiye mubwere Lachisanu, ndimaphika nyemba ndi nsomba youma." Ndinapitadi Lachisanu lotsatira, ndipo ndinapapeza chifukwa cha chigayo chomwe chinali moyang'anana napo.