Kompyuta ikadandaula za mavolti, yambani mwayeza ndi mita

Ndili ndi kashopu kosindikiza zithunzi ndi makadi a ukwati pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo kompyuta imene imandidyetsa ndinailumikiza ndekha, chipangizo ndi chipangizo. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Chipata likuswa mtengo, pulogalamu yoonera kutentha inalemba mofiira kuti 12V (mavolti 12) yatsika kufika pa 8.2. Mtima unagunda. Ndinatsala pang'ono kutumiza ndalama ku Lusaka kuti andigulire motherboard ina, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo. Chinandibweza n'chakuti makinawo anali kusindikiza bwinobwino, pamene pa mavolti 8 sakanayaka n'komwe.

Power supply, bokosi lopereka magetsi m'kati mwa kompyuta, imalandira malaiti a pakhoma, amene kuno ndi 230V, n'kuwasandutsa magetsi ang'onoang'ono a mitundu itatu ikuluikulu: 12V pa waya wachikasu, 5V pa wofiira, ndi 3.3V pa wa olenji. Wakuda ndi wa ground. Malamulo a ATX, amene opanga ma power supply amatsatira, amalola kuti nambalazi zikwere kapena kutsika ndi 5 peresenti basi. Ndiye kuti 12V izikhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25, ndipo 3.3V pakati pa 3.14 ndi 3.47. Zilembeni pakapepala, mumate mkati mwa chivundikiro cha kesi.

Nambala imene mumaona pa sikirini imachokera ku kachipu kakang'ono ka pa motherboard, ndipo pulogalamu imachita kuiwerengetsera. Ikapanda kuidziwa bwino motherboard yanu, imasokoneza masamu n'kukuopsezani pachabe. Choncho yambitsaninso kompyuta, dinani Delete kapena F2 ikamayaka, mulowe mu BIOS, pulogalamu ya motherboard yeniyeniyo, muone pamene pali mavolti. Kwa ine BIOS inati 12.1. Pulogalamu ija ndiyo inanama.

Ngati BIOS nayo ikuonetsa nambala yotsika, zimitsani, zulani pulagi pakhoma, ndipo dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsala atheretu. Gwirani waya wamkulu wa mapini 24 uja, muukankhe mpaka kandowe kake kamveke kuti "tha". Teroninso ndi wa mapini 4 kapena 8 wa pafupi ndi purosesa, ndi wa graphics card ngati muli nayo. Muuzule kaye, muuyang'ane pa kuwala: pulasitiki yachita chikasu kapena yapserera? Nunkhizani. Waya wosalowa bwino umatentha, ndipo mavolti amatayikira pomwepo. Mpata womwewo pemererani fumbi, poti lathuli limatseka fani ya power supply mpaka kuitenthetsa.

Kenako pamabwera multimeter, mita yoyezera magetsi, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti munthu asathamange. Ikani pa DC, pa 20V. Pezani pulagi ya mabowo anayi imene ikungolendewera mkati, ija ya ma hard disk akale, imene amati Molex. Mabowo awiri a pakati ndi ground, a m'mbali lina ndi 12V, lina 5V, ngakhale mawaya onse atakhala akuda monga pa ma power supply ena atsopano. Yatsani kompyuta, lowetsani nsonga yakuda pakati, yofiira m'mbali. Dzanja likhazikike, nsonga ziwirizo zisakhudzane. Kuti muyeze 3.3V, pisani nsonga yofiira kumbuyo kwa pulagi ya mapini 24, pamene palowa waya wa olenji.

Musakhutire ndi nambala ya kompyuta imene yangokhala phee. Mlamu wanga wa ku Katete anabweretsa yake ataikulunga m'chitenje, nati, "Alamu, ikungozima yokha ndikayamba kukonza vidiyo ya ukwati." Titayeza, mita inati 11.9, zabwinobwino. Ndinamuuza kuti atsegule vidiyoyo ine ndikugwira nsonga. Tonse tinaona ndi maso athu: 11.6, 11.3, 11.0, sikirini n'kuda. Titaichotsa power supply m'kesi, inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, chikhalirecho pa chipepala chake analembapo 500W. Pa chipepalacho musamangoona nambala yaikulu. Onani ma ampeya a pa 12V, muchulukitse ndi 12. Yake inali 18A, kutanthauza 216W, ndipo purosesa ndi graphics card zonse zimadya pa 12V pomwepo. Tinaikamo ina yabwino, vuto linathera pomwepo.

Kompyuta ikakana kuyaka ngakhale pang'ono, iyeseni power supply payokha. Ichotseni ku zipangizo zonse, pulagi ya pakhoma ili yozula. Pindani kawaya, mulumikize bowo la waya wobiriwira ndi la wakuda pa pulagi ya mapini 24, kenako mubaye pulagi pakhoma, muyatse. Fani ikazungulira ndiye kuti ikudzuka, koma izi sizikutsimikiza kuti ingasenze katundu. Zina zatsopano fani yake siizungulira ntchito ikachepa, choncho yezani ndi mita ndithu. Waya wa pepo umakhala ndi 5V ngakhale kompyuta ili yozima, bola pulagi ili pakhoma. Ukasowa pamenepo, power supply yafa.

Chonde, bokosi la power supply musalitsegule. Mkati muli capacitor yaikulu yosunga mavolti opitirira 300, ndipo imatha kukhala nawo ngakhale mutazula pulagi. Power supply ikafa, gulani ina. Ndipo ngati yatsopanoyo ndi ya mawaya ochita kubayika, gwiritsani ntchito mawaya ake omwe. A power supply ina amatha kulowa bwinobwino koma mapini ake ali osiyana, n'kuwotcha hard disk nthawi yomweyo.

Chenjezo lina ndi laling'ono. Mukaona uthenga wa CMOS kapena VBAT, tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo, ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard. Kamakhala ndi 3V, ndipo kakatha mumangosintha.

Tsopano za pakhoma, zimene kuno sitingazilumphe. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita maola ambiri, ndipo makompyuta ochuluka amene anandipeza nthawi imeneyo anali atafera power supply. Malaiti akapita, zulani pulagi. Akabwera, dikirani mphindi zingapo akhazikike. Mvula ikayamba mu Novembala ndi ziphaliwali zake, zulaninso, pamodzi ndi waya wa intaneti. Ekisitenshoni yogwedera, imene imathetheka mukaikhudza, itayeni, ndipo pini yachitatu ya pulagi, ya earth, ikhale yolumikizidwa. Amene mumadalira jenereta kapena inverter, dziwani kuti ma power supply ambiri atsopano sagwirizana ndi inverter ya modified sine wave: amalira, ena amangozima. Pogula funsani ya pure sine wave. Ine ndinaika pansi pa thebulo UPS yaing'ono, bokosi la batire lopatsa kompyuta magetsi malaiti akapita, yokhala ndi AVR, yokhazikitsa mavolti. Imandipatsa mphindi zochepa chabe, zokwanira kusunga ntchito ya kasitomala ndi kuzimitsa bwino. Pa power supply yakale yokhala ndi kaswichi kofiira kumbuyo, onetsetsani kuti kali pa 230, osati pa 115, musanabaye pakhoma.