Mmene mungafanizire ulamuliro wa mayiko popanda kusokeretsedwa ndi manambala

Yambani ndi funso lanu, chifukwa palibe muyeso umodzi womwe umagwira zonse zokhudza ulamuliro wabwino. Ngati nkhani yanu ndi katangale m'boma, tengani Corruption Perceptions Index (CPI) ya Transparency International, yomwe imapatsa mayiko pafupifupi 180 malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Ngati mukufuna kuona zambiri za muno mu Africa, Ibrahim Index ya Mo Ibrahim Foundation imayeza mayiko 54 m'magawo anayi: chitetezo ndi kutsata malamulo, ufulu ndi kutenga mbali kwa nzika, maziko a chuma, komanso chitukuko cha anthu monga zaumoyo ndi maphunziro. World Bank nayo ili ndi Worldwide Governance Indicators, ya magawo asanu ndi limodzi, yomwe manambala ake amayambira mu 1996.

Mukatsegula lipoti, yang'anani malikisi, osati nambala yomwe dziko lakhala pamndandanda. Apa m'pomwe ambiri amagwera, ngakhale atolankhani. Mwana atha kuchoka pa nambala 20 kufika pa 15 m'kalasi malikisi ake ali omwewo, kungoti anzake asanu alakwa mayeso. Dziko nalo limakwera chomwecho popanda chilichonse chosintha m'maofesi ake.

Kenako tsitsani fayilo ya Excel ya CPI, musakhutire ndi mapu okongola a mu lipoti. Pafupi ndi malikisi a dziko lililonse mupeza malire apansi ndi apamwamba, osonyeza pomwe malikisi enieni angakhale, komanso chiwerengero cha akafukufuku omwe agwiritsidwa ntchito. CPI imatenga manambala m'magwero 13, koma dziko limalowa pamndandanda likapezeka m'magwero atatu okha. Magwero akachepa, malirewo amatalikirana. Ngati malire a mayiko awiri akulowana, simunganene kuti lina laposa linzake, ndipo kusiyana ndi malikisi awiri okha kawirikawiri sikutanthauza kanthu.

Samalaninso zaka. CPI inasintha kawerengedwe mu 2012, choncho malikisi a m'mbuyo mwake safanizidwa ndi a lero. Ibrahim Index imawerenganso zaka zam'mbuyo ikamatulutsa lipoti latsopano. Tengani zaka zonse mu lipoti limodzi, osaphatikiza awiri.

Chovuta chachikulu n'chakuti CPI imayeza maganizo a akatswiri ndi anthu abizinesi, osati ndalama zomwe zabedwa. Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma la Malawi ya Cashgate itaululika mu 2013, malikisi a Malawi anatsika zaka zotsatira, pomwe kubako kunkachitika kale mwakachetechete. Ndiye dziko lomwe atolankhani ndi makhothi ake akufukula zinthu litha kuoneka loipa kuposa lomwe zonse zimakwiriridwa. Malikisi akatsika, fufuzani zomwe zinachitika chaka chimenecho musanagamule.

Sankhani mayiko ofanana mapezedwe. Kuika Malawi pambali pa Denmark sikukuphunzitsani zambiri, koma Zambia kapena Tanzania. Millennium Challenge Corporation, bungwe la boma la America lothandiza mayiko pa chitukuko, imachita chomwechi: imayeza dziko poliyerekeza ndi anzake a gulu limodzi pa chuma.

Mawu a nzika muwapeza ku Afrobarometer, yomwe imafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko lililonse, pamaso ndi pamaso, m'chiyankhulo chawo. Pezani funso lakuti kodi munapereka chiphuphu kwa wapolisi kapena kuchipatala chaka chathachi, muliyike pambali pa malikisi a CPI. Pa anthu 1,200, mayankho atha kuphonya ndi maperesenti atatu mbali iliyonse.